Kachilonda kosapola pakhutu: kupopera, kupaka mafuta kapena kudula?

Chaka chatha, titangotha kukumba mbatatesi, ndidaperekeza mwana wa alongo anga kuchipatala. Ndi mnyamata wachialubino, amalima cha ku Bembeke, ndipo dzuwa limamutulukira ndi kumulowera ali m'munda. Pakhosi ndi m'mikono anali ndi timawanga tingapo tokhakhala. Pamwamba pa khutu lakumanja panali kachilonda komwe kadatha miyezi inayi kakuchita nkhanambo, nkhanamboyo n'kugwa, magazi pang'ono, kenaka n'kuyambiranso. Adokotala adapopera timawanga tija mankhwala ozizira kwambiri, mphindi khumi zisanakwane zatheka. Atafika pakhutu adaima. Adakhudzakhudza pamalopo, adafufuza m'khosi ngati muli mwanabere, kenaka adati: "Apa sitipopera ayi. Apa n'pofunika kudula, ndipo chomwe tidulecho chipite chikayezedwe."

Kunyumba mayi ake sadamvetse. "Achimwene, zinazo angopopera, nanga pakhutupo akufuniranji mpeni? Kodi si matenda amodzi omwewo?" Tsiku limenelo ndidalephera kuwayankha bwino. Funsoli n'lomveka, ndipo mabanja ambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amakumana nalo. Ena akamva za mpeni sabwereranso kuchipatala mpaka chilonda chitakula ngati chikhatho.

Chomwe adokotala ankaopa pakhutu paja ndi khansa ya pakhungu. Dzina limeneli likuphimba matenda angapo omwe khalidwe lake n'losiyana. Yofala kwambiri padziko lonse ndi basal cell carcinoma. Imakula pang'onopang'ono ndipo kawirikawiri siyendera m'thupi, koma ikalekereredwa imadya pamalo pomwepo, mphuno kapena chikope n'kutha. Ina ndi squamous cell carcinoma, yomwe ndiyo ikuzunza kwambiri abale athu achialubino. Iyi imatha kusamuka kuchoka pakhungu n'kukamera m'khosi, m'khwapa kapena m'mphechepeche, makamaka ikayambira pamlomo, pakhutu kapena pachipsera, ikakula kupitirira masentimita 2, kapenanso mwini wake akakhala ndi chitetezo chotsika m'thupi. Yachitatu ndi melanoma, yomwe siioneka kawirikawiri koma ndi yaliwiro. Ndiye palinso timawanga tokhakhala tija, tomwe achipatala amati actinic keratosis. Timeneti sitinafike pokhala khansa, ndi khungu lomwe dzuwa lalivulaza kwa zaka. Tambiri timangokhala choncho, tina timasanduka squamous, ndipo palibe angaloze ndi chala kuti kosanduka ndi aka. Nthawi zambiri timamveka ndi chala tisanaoneke ndi maso.

Khungu lili ngati dothi la m'munda. Pamwamba pali kagawo kopyapyala, pansi pake pali gawo lochindikala momwe mumadutsa timitsempha. Nthenda ikadali pakagawo kapamwamba ilibe njira yoyendera. Ikabowola n'kutsikira pansi, yapeza msewu. Nkhani yonse yosankha chithandizo yagona pamenepa: kodi nthendayi ndi mtundu uti, yatsika bwanji, ndipo yamera pati.

Tisanalowe m'zithandizo, pali chinyengo china chomwe ife a kumapiri kuno tiyenera kuchizindikira. Timaganiza kuti dzuwa loopsa ndi la ku Golomoti, ku Mtakataka kapena ku Bwanje, poti ndiko kumatentha. Koma chomwe chimaononga khungu si kutentha. Ndi cheza china cha dzuwa chotchedwa UV, chosaoneka ndi maso, chosamveka pathupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati cheza chimenechi chimaonjezereka ndi pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 alionse omwe munthu wakwera. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja yamchere, phiri lathu la Dedza pafupifupi 2,200. Mitambo yopyapyala ndi nkhungu sizitchinga chezachi mokwanira. Ndiye mu June ndi July, kamphepo kakuwomba, munthu amavula chipewa n'kukhala pakhonde kuwothera dzuwa, khungu likupsa iye akumva kukoma. Kalembera wa 2018 adapeza anthu achialubino opitirira 134,000 m'dziko muno, ndipo ambiri mwa iwo amadya za m'khasu ngati ife tonse.

Kuzizira komweko kumabweretsanso vuto lina kwa ife akhungu lakuda. Timawotha moto, ana amagweramo, odwala khunyu amapsa. Chipsera chamoto chomwe chakhala zaka 20 kapena 30 chili phee chikayamba kutumbuka n'kukana kupola, chingathe kukhala squamous. Chimodzimodzi chilonda chapamwendo chomwe chakhala zaka chikutuluka madzi.

Tiyambe ndi kupopera, komwe mlongo wanga adakukonda. Madzi omwe amagwiritsa ntchito ndi liquid nitrogen, ozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro. Aliyense amene adaonapo chisanu chitawaula masamba kudimba ku Tsangano akudziwa kuti kuzizira kumawotcha. Pamalo popoperapo pamachita thuza, kenaka nkhanambo, pakatha sabata ziwiri kapena zitatu khungu latsopano lamera. Palibe kusoka, palibe kugonekedwa, ndipo timawanga khumi tingathe kuthandizidwa pa ulendo umodzi. N'chifukwa chake njirayi ndi msana wa makiliniki a anthu achialubino omwe bungwe la Standing Voice limayendetsa mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo m'maboma osiyanasiyana. Kwa timawanga tokhakhala ndi njira yabwino zedi. Kufooka kwake kuli pawiri. Choyamba, wopopera saona kuti chisanu chatsika mpaka pati, ndiye ngati nthenda ili ndi mizu, pamwamba pamapola bwinobwino pansi pakupitirira. Chachiwiri, chomwe chawauka ndi chisanu sichingapitenso kukayezedwa, kotero palibe amene adzadziwe kuti chinali chiyani. Kwa wakhungu lakuda, popoperapo pamatha kutsala banga loyera, chifukwa tizigawo topanga mtundu wa khungu timafa msanga ndi kuzizira.

Mafuta opaka alipo amitundu iwiri yodziwika: 5-fluorouracil ndi imiquimod. Awa si mafuta oteteza ku dzuwa aja, ndi mankhwala amphamvu operekedwa ndi dokotala. Oyambawo amapha tizigawo ta khungu tomwe tikuswana mothamanga, ndipo amapakidwa kawiri patsiku kwa sabata zitatu kapena zinayi. Achiwiriwo amadzutsa asilikali a m'thupi kuti alimbane ndi nthendayo pamalo pomwepo. Ubwino wake ndi woti amasesa dera lonse, chipumi chonse kapena mkono wonse, ngakhale timawanga tomwe sitinayambe kuoneka. Koma walira mvula walira matope. Pakatha masiku ochepa khungu limafiira, limanyerenyesa, limasupuka, munthu n'kumaoneka ngati wapsa ndi madzi otentha. Ambiri amasiyira panjira poganiza kuti mankhwala awayipira, pomwe ndi m'mene amagwirira ntchito. Wopaka mafutawa ayenera kupewa dzuwa masabata onsewo, zomwe kwa mlimi pa nthawi yopalira n'zovuta. Amayi oyembekezera saloledwa kupaka 5-fluorouracil, ndipo chubu chake chiyenera kubisidwa kutali ndi ana ndi agalu, chifukwa galu akachitafuna amatha kufa.

Kafukufuku yemwe adachitika ku Netherlands pa anthu 624, zotsatira zake n'kutuluka mu 2019, adayerekeza njira zothandizira timawanga tokhakhala pamutu ndi kumaso. Patatha chaka, 5-fluorouracil adagwira ntchito pa anthu pafupifupi 75 mwa 100 alionse, imiquimod pa 54, ndipo njira ina yopaka mankhwala kenaka n'kuwalitsa nyali yapadera, yotchedwa photodynamic therapy, idathandiza 38 okha. Koma kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, pa basal cell yapamwamba, adapeza kuti mndandanda watembenuka: patatha zaka zisanu, omwe nthenda sidawabwerere anali pafupifupi 80 mwa 100 kwa imiquimod, 70 kwa 5-fluorouracil ndi 63 kwa nyali ija. Mafuta omwewo, nthenda yosiyana, wopambana wasintha. Ichi n'chifukwa chake kubwereka chubu kwa mnzako yemwe adachira n'kulakwa. Ndiponso tikumbukire kuti anthu amenewa anali a ku Ulaya, komwe dzuwa silifika mphamvu ya kwathu kuno.

Palinso kupala ndi kachitsulo konga supuni, kenaka n'kuwotcha pansi pake ndi magetsi. Zimayenda bwino pa kakhansa kakang'ono, kosazama, ka pamsana kapena pamkono. Pakati pa nkhope, pamlomo, pakhutu ndi pomera tsitsi sipoyenera, ndipo njirayi siuza munthu ngati m'mphepete mwatsala kanthu.

Tsopano mpeni. Mawu oti opaleshoni amatiopsa chifukwa timaganiza za kugonetsedwa tulo, magazi ambiri ndi masabata m'chipatala. Kudula kakhansa kakang'ono sikuli choncho. Amabaya jekeseni wochititsa dzanzi mozungulira chilonda, munthu ali maso akucheza ndi anamwino, ntchito yonse imatha ola lisanakwane, n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Ulusi amachotsa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Dokotala sadula chilonda chokha. Amatengako ndi khungu looneka labwino mozungulira, mamilimita 4 kwa basal cell yaing'ono, 4 mpaka 6 kwa squamous yaing'ono, ndi kupitirira apo ngati ili pamalo oopsa. Mayi aliyense yemwe adasendapo mbatatesi yoyamba kuwola amadziwa kuti sudula m'malire enieni a powolapo, umalowako pang'ono kwabwinoko. Bala likakula moti silingasokedwe, amatenga khungu pena, monga pantchafu kapena kuseri kwa khutu, n'kumezanitsa, monga timachitira ndi mapichesi.

Chomwe chimaika mpeni patsogolo pa njira zonse zomwe ndatchulazi ndi ichi: kanyama kodulidwako kamaikidwa m'botolo la mankhwala n'kupita ku labotale. Kumeneko katswiri amakayang'ana pa makina okuza zinthu n'kuyankha mafunso awiri omwe kupopera ndi mafuta sizingayankhe. Kodi ndi khansa yanji? Kodi m'mphepete ndi pansi mwayera, kapena yadulidwa pakati? Ngati yatsalira, amadulanso msanga isanakule. Labotale yotere idatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo ku Blantyre iliponso. Nthawi zina dokotala amayamba wadulako kachidutswa kakang'ono kokha kuti adziwe mtundu wa nthenda asanasankhe chochita. Achipatala amati biopsy.

Ku Britain adayerekeza mpeni ndi imiquimod pa anthu 501 omwe anali ndi basal cell yosaopsa kwambiri. Patatha zaka zisanu, mwa odulidwa pafupifupi 98 pa 100 alionse anali bwinobwino, mwa opaka mafuta pafupifupi 83. Kwa munthu wokhala pafupi ndi chipatala, yemwe ikangobwerera mawa lake ali kwa dokotala, 83 si yoipa, ndipo ngati safuna chipsera angasankhe mafuta. Koma taganizirani munthu wa ku Lobi kapena ku Kasumbu, yemwe kuti afike pa boma agulitse kaye thumba la mbatatesi, akwere njinga yamoto, adikire minibasi, ndipo akatumizidwa ku Lilongwe pali makilomita ena pafupifupi 85. Kwa iyeyu kubwerera kwa nthenda si nkhani yaing'ono, chifukwa adzazengereza, ndipo pomwe azidzafikanso idzakhala itazama. Ine maganizo anga ndi oti kwathu kuno, chikakhala kuti ndi khansa yeniyeni osati kawanga chabe, njira yomaliza nkhani ulendo umodzi n'kupereka yankho la ku labotale ndiyo yoyenera kuikonda, ngakhale isiye chipsera. Ndipo squamous yomwe yabowola kale kagawo kapamwamba, ngati ya pakhutu ija, si yoti n'kuyesera mafuta kapena kupopera n'komwe.

Pali mawu omwe ndidawamva kangapo pa nthawi imeneyo, ngakhale kwa anthu ophunzira, oti khansa ikakhudzidwa ndi chitsulo imalusa n'kufalikira thupi lonse. Ndikumvetsa komwe mawuwa amachokera. Anthu ambiri amafika pa mpeni mochedwa, nthenda itayenda kale mwakachetechete, ndiye akamwalira patatha miyezi ingapo abale amaloza opaleshoni. Chidawapha si mpeni, ndi miyezi yomwe idadutsa mpeni usanafike.

Amene amawerenga pa intaneti akumana ndi dzina loti Mohs. Ndi njira yomwe dokotala wina wa ku Wisconsin ku America, Frederic Mohs, adayambitsa m'zaka za m'ma 1930. Amadula kagawo kopyapyala, n'kukayeza pomwepo wodwala akudikira, n'kudulanso pokhapo pomwe patsala nthenda, mpaka payere. Imapulumutsa khungu lambiri pamalo ngati mphuno ndi chikope, ndipo imachiza mpaka 99 mwa 100 pa basal cell yoyamba kumene. Koma imafuna dokotala wophunzira mwapadera ndi labotale khomo loyandikana, zomwe si za chipatala cha pa boma. Munthu asasunge chilonda podikira Mohs pomwe kudula wamba kukadamuchiza mwezi uno.

Kuwotcha ndi cheza cha makina, radiotherapy, kumathandiza okalamba omwe sangapirire opaleshoni, kapena pomwe kudula kungaononge kwambiri nkhope, kapenanso pambuyo pa opaleshoni ngati pali mantha oti yatsalira. Pa kakhansa kakang'ono kamachiza pafupifupi 9 mwa 10. Kwa zaka zambiri dziko lino lidalibe makinawa ndipo odwala ankatumizidwa kunja. M'zaka zaposachedwapa afika ku Blantyre ndi ku National Cancer Centre ku Lilongwe, zomwe n'zoyamikika. Komabe chithandizochi chimaperekedwa pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, ndiye munthu wa ku Ntcheu ayenera kupeza pogona m'tauni. Kwa achinyamata madokotala sakonda kuyambira pamenepa, chifukwa khungu lowotchedwa limafooka zaka zikamapita ndipo pamalopo pangathe kudzamera khansa ina. Wachialubino wazaka 24 ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti khungu limenelo limutumikire.

Pa melanoma palibe zoyerekeza. Sapopera, sapala, amadula basi, ndipo msanga. Kwa ife akhungu lakuda kawirikawiri simera pomwe pamawomba dzuwa ayi. Imakonda kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo: banga lakuda lomwe likukula, m'mphepete mwake mosalongosoka, kapena mzere wakuda pachikhadabo womwe ukunka nutambasuka. Munthu amaganiza kuti adaponda chitsa kapena munga. Bob Marley adamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 ndi melanoma yomwe idayambira pachala chakuphazi. Labotale imayeza kuti yazama mamilimita angati, ndipo ndiwo amalamula kukula kwa podula: sentimita 1 mozungulira ngati kuzama kwake sikudapitirire milimita 1, masentimita 2 ngati kwapitirira mamilimita 2. Ikagwidwa ikadali yopyapyala, ambiri amachira.

Nditchuleko Kaposi sarcoma, poti ndi yofala m'dziko muno ndipo imaonekeranso pakhungu: mawanga kapena tizotupa takuda mofiirira, kawirikawiri m'miyendo, nthawi zina mwendo n'kutupa. Imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8 ndipo imapeza mpata chitetezo chikatsika, makamaka ndi HIV. Chithandizo chake n'china. Ikakhala yochepa, ma ARV okha amatha kuibweza, ikachuluka amaonjezera mankhwala a khansa a m'diripu. Nchifukwa chake dokotala akapempha kuyeza magazi pomwe mwabwera ndi chilonda, sakusochera. HIV imakulitsanso chiopsezo cha squamous.

Zomwe zimatidyera nthawi n'zodziwika. Timayamba ndi makapisozi a pagolosale, kutsegula n'kuthira ufa wake pachilonda. Kenaka phulusa, masamba otafuna, kutemera mphini. Sindikunyoza makolo athu, poti amachita zimenezi chifukwa chokonda mwana. Koma mankhwala owotcha amangodya pamwamba monga khasu lopalira kapinga, munda n'kuoneka woyera, mvula ikagwa wamera. Chilonda chilichonse chomwe chatha mwezi osapola, chotuluka magazi chikangokhudzidwa, kapena cholimba m'mphepete ngati chingwe, chipite kuchipatala. Ngati pachipatala chaching'ono mwamangidwa bandeji kawiri katatu osasintha, pemphani mwaulemu kalata yopita pa boma kuti akaone odziwa za khungu. Ambiri mwa akatswiri amenewa adaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, Tanzania. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Funsani adokotala kuti nthendayi ndi mtundu uti, ngati chodulidwacho chipite kukayezedwa, ndi tsiku lodzamva zotsatira. Siyani nambala ya foni yomwe imagwira, ndipo zonse zilembedwe m'kabuku ka kuchipatala. Zotsatira zimatha kutenga masabata, ndipo bala likapola anthu ambiri sapitanso kukazifunsa, pomwe yankho lenileni lili papepala limenelo.

Njira iliyonse yomwe yasankhidwa, khungu lomwe labala khansa kamodzi likhoza kubalanso pena, chifukwa dzuwa lidawomba ponseponse. Chipewa chakhonde chophimba makutu ndi khosi, osati kapusi, malaya a manja aatali a nsalu yothithikana, mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa apo opakidwa mobwereza maola awiri alionse munthu akakhala panja, osaiwala milomo ndi makutu, komanso kulawirira kumunda kuti pofika 10 koloko akhale ali pamthunzi mpaka cha m'ma 4 koloko: zimenezi ndi gawo la chithandizo chomwecho.

Mnyamata uja adavomera kuti chilonda chija chidulidwe. Usiku woti mawa lake tipita adandifunsa kuti, "Amalume, khutu langa alichotsa lonse?" Adachotsako kachidutswa ngati kambewu ka dzungu m'mphepete mwa khutu, n'kusoka. Zotsatira zidabwera patatha masabata asanu: squamous cell carcinoma, m'mphepete monse moyera. Mayi ake adandipempha kuti ndiwawerengere pepalalo kawiri. Pano amapita kukaonedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo madzulo ena mayi akewo amamuyendetsa chala pakhosi ndi kuseri kwa makutu, komwe iye sangadzione. Ulendo wapitawu adampeza ndi kawanga kena kokhakhala pamkono wakumanzere, ndipo kameneko adangopopera.